Khadi Linatsala Limodzi

14 Ogasiti

Okondedwa Alamu,

Munafunsa kuti alongo anu analekeranji kupita kwa dokotala wawo wa mtima. Ndachedwa kuyankha, mundikhululukire.

Tsiku lomwe tinakabayitsa katemera wa mliri uja linayamba ngati masiku onse. Anandisitira shati uku akundinena kuti ndimavala ngati mlonda ngakhale patsiku lopuma. Pamzere ankandiseka: "Abambo, mumagwira akuba ndi manja, lero mukunjenjemera ndi kasingano?" Tonse tinabayidwa. Kenako namwino anati khadi losonyeza kuti munthu wabayitsa latsala limodzi, ena abwera mtsogolo.

"Alembeni awa," anatero alongo anu, "kuntchito akuti wopanda khadi amuchotsa. Ine kukhitchini angandifunse ndani?"

Ndinalandira, alamu. Sindinatsutse ngakhale pang'ono.

Tsiku lawo lokaonana ndi dokotala litakwana, basi ya ulendo wautali inawakana, poti lamulo linali lakuti wopanda khadi asakwere. Anaonetsa kondakitala phewa, iye anati, "Mayi, phewa si khadi." Ndinatulutsa langa, anati dzinalo ndi la mwamuna. Tinabwerera komwe tinabayitsa kangapo konse, yankho linali lakuti tidikire. Makhadi ogula analipo kuseri kwa msika, koma iwo anakana: "Ndigule bodza pa chinthu choona?" Mankhwala anatha. Anatisiya Lachinayi m'mawa atakhala pampando, duku lili m'manja.

Katemerayo sindidana naye, ndipo ndikudziwa kuti lamulolo ankati n'loteteza anthu. Koma ndimadzifunsa kuti kapepala kamene obayitsa eniakewo analibe kangatsekereze bwanji wodwala njira yopita kwa dokotala wake.

Mwezi watha foni yawo inalira, akuti makhadi afika. Ndinapita kukatenga. Mayi wa pawindo anati, "Muwauze asalitaye." Ndinati ndiwauza.

Katundu wawo ndinamusiya momwe analili, poganiza kuti mudzabwera tidzaone limodzi, koma njenjete zinayamba kulowa m'sutikesi. Makina osokera ndapereka kwa mwana wa mng'ono wawo, zovala ndagawira amayi omwe ankaimba nawo kwaya. Magalasi ndi Baibulo ndakusungirani. Pilo yekha ndiye ndalephera, akadali mbali yawo ya bedi.

Moni kwa alamu akazi ndi ana onse. Ndikumva kuti kumaliro ena ankanong'ona kuti anakana katemera. Ana akadzafunsa za azakhali awo, chonde muwauze kuti anabayitsa.

Ine mlamu wanu, ngati mukundiwerengabe.