Aphunzitsi Anayi Basi

Loweruka madzulo, ku Ngala. Tsiku loipa, mutu ukuwawa.

Azakhali achita manyazi pa loji yawo ya kunyanja lero, ndipo wolakwa ndi ine. Tsamba la pa intaneti losungitsira malo ndinapanga ndekha: mlendo akadzaza fomu, mawu ake amalowa mu linki n'kupita pa WhatsApp ya azakhali. Mphunzitsi wina wa ku Dwangwa analemba kuti "Aphunzitsi 4 & ana 30". Mu linki, kachizindikiro ka & kamatanthauza kuti mawu athera pomwepo. Ndinayenera kukasandutsa %26 ndisanakalowetse. Sindinatero. Azakhali analandira "Aphunzitsi 4" basi.

Anagula chambo zinayi. Masana maminibasi awiri anaima pachipata, ana ali mbwee, akuimba, osadya kanthu chichokere m'mawa. Mphunzitsi uja anaonetsa foni yake, azakhali yawo, ndipo panalibe wonama. Anawo anabwerera ndi njala, osaponda ndi m'madzi momwe. Ang'onoang'ono ankalira.

Ndakonza ndi mzere umodzi wa pulogalamu, encodeURIComponent, wosandutsa tizizindikiro totere. Umodzi wokha! Poyesa fomu paja ndinkangolemba dzina langa, n'kumadziona ngati katswiri.

Nditakawauza azakhali kuti zatheka sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti, "Tiya mwanangu, kachotse nambala yanga pachinthu chakocho. Anthu aziimba foni, ndizidzimvera ndekha."

Tsamba limeneli ndi lokhalo ndimaonetsa ndikamafunsira ntchito. Lolemba andiitana ku mafunso a ntchito; ndikaonetsa chiyani, kaya.

Nambala ndachotsa. Fomu ikugwira bwino ntchito tsopano, koma uthenga ulibe kopita.