Sewero la Lamulungu ku Umoja

Lamulungu, 5 Juni 1994

Kuzizira kuno ku Umoja, kudziko la eni. Pochokera kutchalitchi, mpunga wa nyemba, kenako sewero la Angelezi lija pa TV. Gawo lachitatu. Nkhani ya mkulu amene anathawa kwawo ali mnyamata, wabwerako ndi imvi. Mng'ono wake wamulandira pageti ngati munthu wodzawerenga mita ya madzi. Akazi anga a Emmie zawanyansa. "Anthu awa alibe magazi. Zaka zonsezi, osamulandira ngakhale chikwama?" Ine ndati wolembayo wachita dala, Mngelezi akakwiya amafulula tiyi. Sitinagwirizane.

Lachitatu, 8 Juni

Kuofesi ku Westlands aliyense akundigwira chanza chifukwa cha boma latsopano kwathu. Dalaivala wathu: "Sasa utarudi nyumbani?" Kundifunsa ngati tsopano ndibwerera kwathu. Ndangoseka.

Ndinachoka ku Ntcheu mu 1972, apolisi atayamba kundifunsafunsa kusukulu komwe ndinkaphunzitsa. Vitus, mng'ono wanga, anatsala. Anadwazika amayi yekha, anawaika yekha. Kuyambira maliro aja sanandiyankhenso.

Lamulungu, 12 Juni

A Limbani, anzathu ochokera kwathu, ndi akazi awo abwera kuchokera ku Karen. Taonera limodzi. A Limbani amakonda masewero aja a ofufuza milandu, wina afe gawo lililonse. Ili ati n'lozizira. "Masewero a Angelezi onse ndi mvula, galu ndi chuma cha masiye." Zoona pang'ono. Lero gawo lathunthu mkuluyo akungoyenda kupita kumanda a mayi ake. Nyimbo za m'sewero nazo zimanyanya, zimakuuza pofunika kulira.

Koma mapiri ake. Obiriwira, nkhungu pamwamba, ngati kwathu mu Febuluwale. Ndinamva fungo la chimanga chootcha pa siteji ya basi, pansi pa mkuyu. Amayi anga atanyamula dengu la mbatata, akukalipira kondakitala. A Limbani amalankhula, ine sindimamva.

Lamulungu, 26 Juni

Gawo lomaliza. Palibe kupepesana, palibe kukumbatirana. Khoma la khola lagwa, awiriwo akulimanga, wina akupatsira mnzake miyala. Basi, mayina a osewera akukwera.

A Emmie: "Milungu yonseyi timadikira khoma?" Ati wolemba anatopa nayo nkhani. Mwina. Kwathu abale sangayanjane popanda ankhoswe, mawu ayenera kutuluka. Komabe ine ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve.

Potsuka mbale a Emmie anena osandiyang'ana. "Amene mukuwaopa ndi alamu, si boma."

Lachinayi, 30 Juni

M'matatu, minibasi za kuno, phokoso lokhalokha. Ndapitirira siteji yanga, ndabwerera wapansi. Nambala ya sitolo ya pa boma ku Ntcheu ndaipeza kwa a Limbani.

Loweruka, 2 Julayi

Ndaimba m'mawa. Mwini sitolo ati akamuitana Vitus, ndiimbenso masana. Chakudya osalowa.

Masana wayankha. Mawu ake ngati a bambo athu, okalamba. "Ndani?" Ndati Greyson. Ndimamva wailesi ya m'sitolo, mwana akulira chapatali.

"Mubwera liti, achimwene?"

Sindinakonzekere. Pakamwa pangotuluka Ogasiti.

"Musadzatsikire pamkuyu paja. Anaudula."

Foni yaduka. Ndayesanso, osalowa. Sindinafunse kuti nanga ndidzatsikira pati.