Zikhomo pambali pa manda anu, Bambo

Bambo, lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni. Tinakugonekani pomwe munapempha, pambali pa khonde la tchalitchi chakale cha Angilikani, khonde lomwe munamanga ndi manja anu kuti okalamba asamanyowe podikira Misa.

Timakumbukabe mmene munkagogodera njerwa ndi chala musanalowe, Amayi n'kumakusekani kuti mumayamba kulonjera khoma, wansembe pambuyo. Mapemphero atasamukira ku tchalitchi chatsopano, inu simunaleke kukwera makwerero kukachotsa zisa za nkhunda m'mawindo osongoka aja ndi pansanja ya belu. Munkatilangiza kuti tiziona denga mvula isanayambe, ngakhale mulibenso wopempheramo.

Chaka chatha akuluakulu oona za nyumba zakale anabwera kudzakhoma chikwangwani chonena kuti tchalitchichi n'chotetezedwa. Tinakondwa tonse, achemwali anu mpaka misozi. Tsopano akuti chiyenera kubwerera mmene chinalili pomangidwa, chilichonse chowonjezera chichoke. Khonde lanu alipaka chizindikiro cha penti yofiira.

Munatiphunzitsa kusafulumira kuweruza munthu, ndipo ine mwana wanu wachisamba ndayesetsa ndithu. Komatu chipinda chovalira ansembe nachonso n'chowonjezera, njerwa zake zimachita kuonekeratu, ndipo palibe wachikhudza. Zikhomo zomwe akhoma pansi sizikutsata khoma ayi. Zikuchokera kumsewu, kulunjika pakhonde, ndipo ziwiri zili uku ndi uku kwa manda anu, mpata wake wokwana bwinobwino galimoto. Amalume, mlamu wanu uja, ali m'komiti yoyang'anira ntchitoyi. Akuti n'zoyezera chabe, tisade nkhawa. Koma amanena zimenezi maso ali pa nsapato zawo, ndipo masiku ano akamapita kumsika sadzeranso kunyumba.

Mwina tikuwaganizira molakwa. N'chifukwa chake sitinazule chikhomo ngakhale chimodzi, poti umboni tilibe. Chomwe chikuchitika n'chakuti Amayi, ndi miyendo yawo yovuta ija, amanyamula kampando m'mawa uliwonse kukakhala pakati pa zikhomo ziwirizo, akuluka zipewa za zidzukulu zanu. Ine ndi mng'ono wanga timakawalandira tikaweruka kuntchito. Wobwera ndi fosholo adzayamba walankhula nafe.

Sitidzakuiwalani, Bambo, ndipo pomwe mwagonapo ife sitichokapo.

Mkazi wanu, achemwali anu, ana ndi zidzukulu.