Nyemba Makumi Atatu

Lolemba, 9 Seputembala 2024

Mamembala a sikimu yathu ya mthirira kuno ku Chifunga: 90, m'magulu atatu.
Oyenera kulondera Loweruka lapitali: gulu lachitatu, anthu 30.
Amene analondera: 0.
Ng'ombe zolowa: 19.
Mizere ya chimanga yodyedwa: 214. Yopondedwa: 63. Yonse: 277.

Ndawerenga ndekha, kawiri. Onse 30 anali kumaliro ku Midzemba, aliyense poganiza kuti mnzake watsala. Mlamu wanga Maria nayenso. Omwalirawo anali azakhali ake enieni.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Msonkhano pamutu pa ngalande. Woyankhula Binwell, wapampando. Mwana wa m'kalasi mwanga, Fomu 1, 1988. Mbiri Yakale anapeza 91.

Akuti Aroma anagonjetsa maiko chifukwa wothawa pa malo ake sankamunyengerera. Gulu la asilikali likathawa nkhondo, maere: mmodzi mwa khumi aliwonse aphedwe ndi anzake omwe. Ifenso chomwecho, Loweruka likubwerali. Nyemba 30 m'kathumba, 27 zoyera, 3 zofiira. Wotola yofiira alandidwa puloti, ndi mbewu zake momwemo.

Kenaka chala kwa ine. "Anatiphunzitsa ndi amayi awa. Nyembazo awerenganso ndi iwowa, sanalakwitsepo chibadwire."

Nkhope zonse kunditembenukira. Mawuwo ndi anga, ndi popumira pomwe.

Lachitatu, 11 Seputembala

Ndatulutsa kope langa lakale m'sutikesi. Tsamba 44, dzanja langa: "Mwambo ndiwo unamanga Roma." Ndinadula mzere kunsi, kawiri. Ndinkayenda m'kalasi ngati kazembe, ana 52 ali pakamwa yasa.

Tsamba 45: atsogoleri awiri, osati mmodzi. Chaka chimodzi basi. Wina akapsa mtima mnzake amuletse. Tsambali ndinaliphunzitsa bwanji? Sindikukumbukira. Mulibe magazi, mwina ndinangolembetsa pabolodi.

Binwell ali pampando chaka chachisanu ndi chiwiri. Yekha.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndinapita kwa Binwell masana. Anandipatsa mpando wabwino, iye pansi. Ndinamuonetsa tsamba 45. Anawerenga lonse, mwaulemu. "Aphunzitsi, ili silinabwere pa mayeso." Kuseka.

Pobwerera ndinapeza Maria akuthirira. Mizere 40, ana asanu, mwamuna, mlongo wanga, kumanda. Munda wakumtunda chaka chino unapereka matumba awiri. Puloti imeneyi ndiyo Januwale ndi Febuluwale wawo. Sanaweruke. Anangoti, osandiyang'ana, "Alamu, kodi Aromawo maliro analibe?"

Zaka 36 za choko. Ndinafumbata kope langa, ulendo kunyumba.

Lachisanu, 13 Seputembala

Nyemba zili patebulo. 27 ndi 3. Ndaziwerenga kasanu ndi kawiri. Sizikusintha.

Lamulungu, 15 Seputembala

Dzulo cholembera chinandikana.

Onse 30 anawaimika pamzere, dzuwa lili paliwombo. Kathumba m'manja mwanga. Binwell anafunsa ngati zakwana. Ndinati zakwana, 30.

Woyamba, yoyera. Wachisanu, yoyera. Wa 20, yoyera, ndipo otsalawo anayamba kukankhana, aliyense kufuna kutsogola. Maria anagwetsedwa, nabwerera kumapeto. Anthu opemphera tchalitchi chimodzi. A Malizani, msinkhu wa ine, kuponda phazi la mdzukulu wawo. Izi patsamba 44 palibe.

Wa 27, yoyera. Kuwerenga aliyense amadziwa. Otsala atatu: a Laimoni, a Yohane, Maria.

A Laimoni anavula chipewa. Yoyera. A Yohane, yoyera. Maria anagwada, dzanja kukana kulowa. Ndinaligwira ndine. Yoyera.

Binwell anakhuthula kathumba. Mopanda kanthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine osaphethira. Anati tibwereze. A Laimoni anati maere sachitidwa kawiri, ndipo azimayi anali atayamba kale nyimbo. Womuthandiza Binwell panalibe.

Ndiye anakweza mawu kuti onse amve. "Aphunzitsi akalamba. Maso sakuonanso, mutu sukuwerenganso." Ena anaseka, momvera chisoni. Komiti inagwirizana pomwepo: madzi, mizere, mavoti, sindidzawerenganso ine.

Sindinatsutse. Ndikanati maso anga ndi abwino, akanafunsa kumene kuli zofiira.

Lero kutchalitchi mayi wina wandigwira mkono pokwera masitepe. Alipo anayi. Wandiwerengera mokweza.

Zotsiriza:
Nyemba zolowa m'kathumba: 30.
Zoyera: 30.
Zofiira, m'mpango wanga: 3. Ndadzala kuseri kwa khitchini.
Mapuloti olandidwa: 0.
Mizere ya Maria: 40.
Zaka zanga: 74.
Kulakwitsa kuwerenga: 0.
Kunama: 1.

Mailesi Kampira