Masamba Amene Ndinaika Pamsewu

Mchinji Boma
19 Okutobala 2024

Okondedwa a Eneya, mng'ono wanga wa bere limodzi,

Mwanditaya. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, moni abwera kumapeto ngati pepala litsale. Tsiku lija akuchikazi anandisudzula ku Chiosya, titameta maliro a mlamu wanu Esitele, inu munaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Akuluwa apite kaye kwa mwana wawo ku boma, tikakolola tiwamangira nyumba kwathu ku Kapondo." Mwakolola. Fodya mwagulitsa, mtedza mwaswa, udzu wofolerera wayamba kupsa ndi moto wolusa, ine ndikadali kuno kuseri kwa geti.

Amene akundilembera kalatayi ndi a Gondwe, mphunzitsi wopuma ntchito, kwawo ndi kumpoto koma anamanga konkuno. Ndawauza kuti alembe mmene ndikulankhuliramu, asathiremo shuga. Kusukulu sindinapondeko, mukudziwa, koma pakamwa panga sipanafunepo mphunzitsi.

Musamve ngati ndikuneneza Catherine. Mwana wanga akundisunga bwino. Ndimagona pabedi, ndimamwa tiyi wamkaka, madzi osamba amatuluka m'khoma. Koma kukacha iye amapita kuchipatala ku ntchito yake ya unamwino, mwamuna wake Austin ku ofesi, ana kusukulu, geti n'kulikoka. Ndimatsala ndi galu. Galuyonso ndi womangirira, ndiye timangoyang'anana ngati anthu a mlandu umodzi. Mpandawo ndi wa njerwa, wautali kuposa nkhokwe. Munthu amadutsa kunja, umamva mapazi ake, koma sungamupatse moni chifukwa sukumuona nkhope.

Ku Chiosya ndinachokako ndi zinthu za mkamwini: mphasa, nkhwangwa ndi khasu langa. Mango ndinabzala aja, dimba lija, zonse zinatsala kwa eni nthaka, ndipo sindinatsutse chifukwa ndiwo mwambo. Nditafika kuno ndinaona udzu wamera pabwalo mpaka pakhomo penipeni. Ndinati ana awa ntchito yawachulukira, ndiwathandize. Ndinalambula bwalo lonse, n'kusesa, panayera kuti mbee. Austin atabwera madzulo anaima pageti nthawi yaitali chikwama chili m'manja. Kenako anati, "Bambo, kapinga ameneyu tinachita kubzala, timathirira tsiku lililonse." Ndinati, "Udzu wa pakhomo ndi nyumba ya njoka." Ndi mwana waulemu, anangolowa m'nyumba. Koma khasu langa analitsekera m'chipinda cha katundu.

Catherine ataona kuti ndayamba kulankhula ndi galu, anati, "Bambo, pali madala anzanu amene amayenda m'mawa uliwonse, muzipita nawo muziwongola miyendo." Ndinati ndipita pokhapokha khasu langa litatuluka. Linatuluka. M'mawa mwake ndinalikoleka paphewa n'kukawapeza pamphambano. Anali akuluakulu opuma ntchito za boma, atavala nsapato zothamangira ndi zipewa za ana, aliyense botolo la madzi m'manja. Mmodzi wonenepa anandifunsa kuti, "Madala, khasulo la chiyani?" Ndinati, "Nanga tikupita kuti?" Anati, "Sitikupita kulikonse. Tikafika pamlatho tibwerera. Tikutsitsa shuga." Ndinawauza kuti kwathu mwamuna woyenda mbandakucha wopanda khasu ndiye kuti akuchokera kwa mkazi wa mwini, apo ayi ndi mfiti yochedwa kubwerera. Ena anaseka, ena anakwiya. A Gondwe akulembawa anali m'gulu la okwiya, ndipo akuti mpaka lero sanandikhululukire. Lembani momwemo, aphunzitsi.

Ndinayenda nawo masiku angapo, ine kumbuyo. Nkhani zawo zinali za penshoni ndi mankhwala, theka Chizungu. Palibe anandifunsa kuti mfunda wanga ndi uti, kapena kuti mvula inagwa bwanji kwathu. Ndinayesanso bawo la kumsika, koma kumeneko anyamata amasewera mothamanga ngati akuba, akukuwa, ndipo wina anandiuza kuti, "Agogo, mukuchedwetsa mzere." Ine amene ndinkagonetsa amuna ndi njala pabawo ku Chiosya konse.

Tsiku lina pobwerera ku ulendo wopanda kopita uja ndinapatuka ndekha, ndipo pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wafumbi, ndinapeza mkulu wina akukhoma ndowa. Anayang'ana khasu langa n'kunena kuti, "Mpini umenewo ndi wa mlombwa, ndipo anasema ndi munthu wamanzere." Ndinakhala pansi pomwepo. Dzina lake anali Zakeyu. Anali wa msinkhu wathu, mwendo umodzi wopuwala, wokhota ngati chikwakwa. Anabadwira tsidya la malire, anakulira m'maesiteti a fodya, mkazi ndi ana anamwalira kalekale, ndipo kuno ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina. Bawo analibe, koma tinakumba maenje pansi ndi khasu langa n'kutola timiyala. Kuyambira pamenepo ndinali ndi kopita.

A Eneya, munthu uja ankabera. Ankabisa kamwala pakati pa zala, ndikamugwira ankati, "Achimwene, maso anu ndi okalamba, mukuona ziwiriziwiri." Ine ndinkati, "Mwendo unapuwala, manja nawonso akufuna kutsatira?" Tinkatukwanizana choncho mpaka dzuwa kupendeka. Amayi obwera ndi mapoto obooka ankatipeza tikukangana, ana ankatitolera mango. Ndinayambanso kumva njala. Catherine anati nkhope yanga yabwerera.

Mwezi wathawu ndinafika pamtengo paja n'kupeza maenje athu adzaza masamba ouma. Mayi mwini nyumba anandiuza ali chiimire, akuyanika zovala, kuti Zakeyu anamupeza atauma m'chipinda ndipo thupi analitengera kunyumba ya chisoni kuchipatala. Ndinafunsa kuti anthu akusonkhana kuti. Anati, "Anthu ake ati?"

Mwambo ndimaudziwa, sindinadumphe mfumu. Ndinapita kwa amfumu a deralo, bambo wachinyamata wofatsa bwino, wa mafoni awiri. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Madala, pepani kwambiri. Ine ndikhoza kulengeza, koma anthu sabwera. Mkulu ameneyu chibwerereni kuno sitinamuonepo pamaliro a munthu aliyense." Ndinati, "Mwendo wake munauona?" Anati, "Pamaliro sitipita kukavina, madala. Timapita kukakhala pansi. Adzukulu akuno amakumbira amene amawaona."

Ndinatuluka osatsanzika. Ndinabwerera pamtengo wa mango uja, ndinathyola nthambi zamasamba aawisi, n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku, monga timachitira kuti wodutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Ndinavula chipewa n'kukhala pansi pafupi ndi khomo la Zakeyu. Ndinati anthu ndi anthu, akaona masamba abwera okha.

Njinga zamoto zinadutsa, kuponda masamba osachepetsa liwiro. Wakabaza mmodzi yekha ndiye anatsika, anavula chipewa, anakankha njinga yake pang'ono. Atatchera khutu n'kumva kuti palibe akulira, anandiyang'ana ngati wamisala n'kukweranso. Dzuwa lili pamutu mayi mwini nyumba anabwera n'kunena kuti, "Agogo, mukundithamangitsira anthu. Chipindachi wina akubwera kudzachiona lero, akaona masamba aganiza chiyani?" Anakoka nthambi zija n'kuziponya m'ngalande. Ndinakazitola n'kuzibwezera. Anazichotsanso. Ndinazibwezeranso. Kachitatu sanavutike nazo, chifukwa mbuzi za m'deralo zinali zitafika. Ndinakhala pamenepo n'kumaonerera mbuzi zikudya maliro a mnzanga.

Munthu mmodzi yekha anabwera kudzakhala nane, ndiye a Gondwe omwewa, atavala nsapato zawo zothamangira. Anangokhala pansi pafumbi. Akuti ndisaike zimenezi m'kalata. Ikani.

Patapita masiku, poona kuti palibe wachibale wabwera, thupi analipereka kuti akaike akaidi. A Gondwe ndiwo anamva za tsikulo, ndipo tinapita awiri, ine ndi khasu langa. Kunalibe nyimbo, kunalibe mawu a mfumu, kunalibe wonena kuti womwalirayu anali mwana wa yani. Anyamata aja anakumba dzenje lofika m'chiuno n'kunena kuti lakwana. Ndinati, "Ameneyu si mbatata, ndi munthu." Ndinalowa m'dzenjemo ndekha kuti ndionjezere. Nthaka ya chilimwe mukuidziwa, ndi mwala. Aphunzitsi akuti ndinene kuti ndinagwa n'kukomoka. Sindinagwe. Ndinakhala pansi mofulumira, basi, ndipo kunja kunada pang'ono. Chimene ndikukumbukira n'chakuti mkaidi wina ananditulutsa atandinyamula ngati mwana, akunena kuti, "Agogo, musatipatse ntchito iwiri."

Chichokereni tsiku limenelo geti amalitseka ndi loko, kiyi amapita naye kuntchito. Catherine analira, anati magazi anga akuthamanga kwambiri, ndikadzagweranso kunja adzandipeza mochedwa. Amandipatsa timapiritsi m'mawa n'kuimirira mpaka ndimeze. Ine ndili bwino. Dzanja lamanzereli limachita dzanzi nthawi zina, koma ndi chifukwa chokhala osagwira ntchito. A Gondwe amaloledwa kulowa Loweruka lokha, ndipo bawo sadziwa, amawerenga timiyala mokweza ngati ali m'kalasi.

Tsono imvani chimene chikundisowetsa tulo. M'dera lino mwachitika maliro kangapo chitsekereni getili. Ndimamva nyimbo kuseri kwa mpanda, ndimavula chipewa ndili ndekha pakhonde, koma ndani akundiona? Catherine amapitako kapena kutumiza chipepeso, nkhope yanga siifikako. Ndinamufunsa kuti, "Mwana wanga, ine ndikadzagona, adzandikumbire ndani?" Anati, "Bambo, musamalankhule zimenezo. Galimoto ilipo, tidzakutengerani kumudzi." Ndinati, "Mudzi wake uti?"

Ku Chiosya anandisudzula, ndilibenso malo kumeneko, ngakhale pafupi ndi Esitele. Ku Kapondo ndinachokako ndevu zisanamere bwino. Ndinkabwera pa zovuta zikuluzikulu zokha, n'kugona usiku umodzi. Anyamata amene akukumba manda lero kumeneko anabadwa ine ndili kuchikamwini. Galimoto ikadzaima pabwalo adzafunsana kuti, "Bokosili ndi la yani?" Wina adzati, "Akuti ndi akulu awo a Eneya, ankakhala ku boma." Adzakumba, inde, chifukwa cha manyazi ndi inu. Koma adzakumba ngati akaidi aja, maso ali kudzuwa.

Sindikupempha nyumba ya malata. Kanyumba ka zidina, ngakhale khitchini yakale ya mlongo wathu Anasi, bola ikhale ndi chitseko chimene ndingatsegule ndekha. Ndikufuna ndifike ku Kapondo ndi miyendo yanga. Ndikhale pansi pamaliro a anthu, ndigone pasiwa, ndisemere adzukulu mipini, ana andizolowere mpaka ayambe kundinena miseche. Ndikufuna kuti tsiku langa likadzafika, munthu adzathyole masamba osachita kutumidwa, ndipo wanjinga adzatsike. Catherine akana, ndikudziwa. Adzanena za mapiritsi ndi kutalika kwa chipatala. Inu ndinu bambo wake wamng'ono, mukalankhula ngati munthu wamkulu adzamva. Musalankhule naye pafoni, pafoni amakugonjetsani.

Pepala latsala pang'ono, ndiye landirani moni. Moni kwa alamu anga akunyumba kwanu, ndi ana onse, ngakhale amene sindiwadziwa maina. Moni kwa Anasi, mumuuze kuti mlongo wake akadali moyo, asayambe kundiiwala ndisanafe. Mukadutsa kumanda mulambuleko pa amayi, ndipo muyang'ane ngati kumunsi kwawo, pafupi ndi mtengo wa msuku uja, pakadali malo. Anyamata okumba manda muwapatsenso moni wanga. Muwatchulire dzina langa lonse, alimve kamodzi ndili wamoyo.

Mitambo yayamba kusonkhana cha kumapiri, ndipo mvula ikagwa njira ya kwathu mukuidziwa mmene imakhalira. Iwe Eneya, ndinakubereka kumsana pothawa njuchi kudambo, sunali wopepuka. Usanditumizire mawu, usanditumizire mwana. Ubwere wekha mwezi uno usanathe, udzaime pageti pano, ugogode mpaka atsegule. Mphasa ndakulunga kale, khasu lili kuseri kwa chitseko.

Ndine mkulu wako,
Cyprian