Unayamba ndi Uti, Mlatho Kapena Msika

Lolemba, 4 Malichi
Mvula m'mawa. Mathalauza awiri ofupikitsa, zipi imodzi. Ulusi wakuda wakweranso mtengo.
Mwana wanga, namwino uja, wagwidwa ndi matenda atsopano: akulemba mbiri ya banja, wakuti anabala wakuti. Anapita ku ofesi ya kaundula kukafunsa tsiku langa lobadwa. Akuti buku la chaka chimenecho linadyedwa ndi chiswe. Chiswe chanzeru. Chikanabwera ku shopu ndikanachisokera jekete yaulere.

Lachitatu, 6 Malichi
Amulozera ku laibulale, kumene akusonkhanitsa nyuzipepala zakale za tawuni yathu ino. Nakonso za chaka chimenecho kulibe. Ndiye mkazi wanga, pakamwa ngati thumba lobooka, n'kuulula kuti zili kwathu.
Zilipodi. Malemu bambo ankadula mapatani pa nyuzipepala, anasiya mabokosi atatu kuseri kwa shopu. Sukulu yanga ndi imeneyo. M'kalasi sindinapondemo, zilembo ndinazitola pakati pa mkono wa malaya ndi thumba, ndipo mphunzitsi woti andiuze kanthu sanabadwe.
Ndilembe pano poti kope silichita miseche. Amayi ankati ndinabadwa sabata imene mlatho unakokoloka. Msuweni wanga Wadazi, sabata imene msika unapsa. Chaka chimodzi. Akuluakulu onse ankati unayamba ndi mlatho, ndiye wamkulu ndine. Zaka makumi asanu ndi awiri Wadazi akunditi achimwene. Banja likakumana, mpando wa ndalema ndi wanga, mawu oyamba ndi anga.
Koma nyuzipepala ikuti msika Febuluwale, mlatho Epulo. Ndinaziwerenga ndisanakwatire. Ndinameza. Tsambalo ndinalidula kukhala patani ya kolala, n'kulikoleka pa msomali pamene diso langa limafika.

Loweruka, 9 Malichi
Kwabwera mayi wa ku laibulale. Waulemu, wosaphethira. Akuti amajambula tsamba ndi tsamba kuti wofuna makolo ake adzawerenge osalipira, poti kaundula waboma sangathandize onse. Akuti tsamba lililonse muli agogo a munthu.
Ndamuuza kuti makoswe anamaliza zonse.
Wayang'ana pa msomali kumbuyo kwanga nthawi yaitali. "Makoswe anu amadula mowongoka, bambo."
Tiyi sindinamupatse.

Lachiwiri, 12 Malichi
Ndinatenga machesi kuti nkhani ithe. Potembenuza kolala uja, kuseri kwake kachilengezo kakang'ono: telala watsopano watsegula shopu pafupi ndi siteshoni. Dzina la bambo. Zaka zonsezi sindinatembenuzepo. Padziko lonse dzina lawo linadindidwa pamenepo pokha, ndipo sizasi yanga inaliphonya ndi kachala kamodzi.
Ndakhala pa makina osaponda mpaka masana. Machesi ndabweza.

Lachisanu, 15 Malichi
Wadazi wabwera ndi thalauza yosang'ambika pena paliponse. Watseka chitseko yekha. Akuti wamva za mabokosi, ndipo chonde ndisapereke. Ndinati ndimufunse chifukwa, wandidula. Akuti mayi ake anamunong'oneza zoona zake ali mnyamata, ndipo wazisunga ngati dzira.
"Achimwene, ukulu ndi katundu. Mwausenza bwino zaka zonsezi, musautule lero."
Anatero akuseka, mano ake awiri otsala ali pamtunda.

Lamulungu, 17 Malichi
Ulaliki sindinaumve. Ndimawerenga ndi zala. Maliro onse amene ndayankhulapo dzuwa likundiwotcha, Wadazi ali pamthunzi. Maukwati amene ndasoka atang'ambika, ena kawiri. Ana osamva amene anabwera nawo kwa ine kuti ndiwadzudzule, mpaka lero amandithawa, koma iye ndi malume okoma ogawa maswiti.
Ine ndimati ndamubera ukulu. Chonsecho wakhala atandikwera pamsana, ine n'kumanyada.
Ndipo mwezi wamawa kuli msonkhano wa nyumba ya malemu azakhali. Ana anayi, chitseko chimodzi, palibe wolonjera mnzake. Wogamula ndi wamkulu wa banja.

Lolemba, 18 Malichi
Wilibala yobwereka, maulendo atatu. Bondo likulira koma mtima uli myaa. Kolala ndinamusita bwinobwino, ali pamwamba pa bokosi loyamba. Ndapempha mayi uja ayambire ameneyo kujambula, mbali zonse ziwiri, zilembo zikuluzikulu zoti ndi wamaso ofooka awerenge. Za makoswe sanakumbutse. Mayi woleredwa bwino.
Namwino ndamuuza alembe zoona m'buku lakelo, banja lisamayende mumdima. Mkazi wanga akuti ndapenga.
Mpando wa ndalema ndautumiza kale kwa mwini wake.
Ndayeserera pa galasi loyesera zovala: achimwene, achimwene. Poyamba kuwawa ngati mankhwala, kachitatu kayamba kutsekemera.
Uyo Wadazi akubwera pa msewu, dazi lili ng'aning'ani, ndodo m'mwamba, pa msinkhu wakewo akuthamanga. Munthu wamkulu sakuyenera kutero. Ndimulandire mwaulemu, kaya ndiyambe ndavula chipewa kaya ndi...