Chitsulo cha Pakhoma Pathu

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa amuna ako ndi wa adzukulu anga. Kuno tilipo, kupatula bondo lija. Akundilembera ndi amayi atelala oyandikana nafe. Ndawauza kuti asakometsere mawu anga, ndipo akatha andiwerengera.

Ukuchikumbukira chitsulo chozungulira chili pakhoma, pafupi ndi chitseko? Chandibweretsera nkhani yomwe sindikuiona mutu wake.

Msewu wathu suli monga unausiyira. Paja tinkasokera maukonde pano akugulitsapo khofi. Alendo odzaona malo amadutsa m'magulu, patsogolo pali mkulu wina amene timamutcha Kaambulera, poti amakweza ambulera ngakhale kulibe mvula. Akafika pakhomo pathu amaima, onse n'kumagwira chitsulo chija mmodzimmodzi. Dzimbiri linatha, pano chikuwala ngati supuni.

Atelala amamva chiyankhulo chawo, ndiye anandimasulira. Akuti kalekale nyanja inkafika pakhomo pathu, ndipo sitima yoyamba kufika mumzinda uno anaimangirira pomwepo. Akutinso wochigwira aliyense sangalephere kudzabweranso.

Ndinatuluka ndi ndodo yanga n'kumuuza Kaambulera kuti chitsulocho ndinaika ndine. Iye anaseka, n'kuwauza alendo zinazake. Anaomba m'manja n'kundijambula. Kenaka Kaambulera anandinong'oneza kuti agogo, munthu sakwera ndege kudzaona chitsulo cha dzana.

Zimene ine ndikudziwa ndi izi. Utangoyamba kuyenda, miyendo yako inkangolunjika kumadzi. Malemu mayi ako akangoti aweramire ukonde, iwe uli kale kutsidya kwa msewu. Tsiku lina anakuvuula funde litakufika m'khosi. Ndinakazula chitsulocho pa boti lakufa kudoko, n'kuboola khoma, n'kuchimata ndi simenti. Tinkakumanga nsalu m'chiuno, chingwe n'kuchikoleka pachitsulopo. Msewu wonse unkakutcha Kambuzi.

Koma tamva zinazo. Ometa tsitsi aja, anzanga a kalekale amene anandibwereka chizulo choboolera khoma tsiku limenelo, akuti iwo pobadwa anachipeza chilipo. N'zoona kuti masiku ano amagulitsa tizitsulo tofanana nacho kwa alendo, koma ananena akundiyang'ana m'maso, osaphethira. Akuluakulu a mzinda nawo anabwera kudzayeza khoma, akuti aikepo chikwangwani.

Ndinakadandaula kwa mchimwene wako. Anandionetsa buku la alendo, chithunzi cha chitseko chathu chili momwemo, pansi pake mawu ambirimbiri. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma sindinanamepo, ndipo maukonde anga sanabwezedwepo ndi msodzi. Nanga zolembedwa m'buku munthu amatsutsana nazo bwanji?

Iye akuti mutu wanga wayamba kusokoneza zinthu. Anandikumbutsa kuti ndinaika magalasi m'chitini cha shuga, ndiponso kuti ndinaitana mkazi wake ndi dzina la mayi ako. Zimenezo zinachitikadi. Tsono wagamula kuti mwezi uno ukatha adzanditenga ndikakhale kwawo, kunyumba zosanjikizana zija, kumene zenera limayang'ana khoma la anthu ena. Akuti munthu wokangana ndi alendo pamsewu sangakhale yekha.

Poyamba ndinakalipa. Pano sindikudziwa. Ndikakhala pakhonde ndimaona bwinobwino mayi ako atagwira chitsulo, ine ndikumata. Koma Kaambulera akayamba kufotokoza, ndimaonanso sitimayo, ndi matanga ake omwe. Mwina ndinachipezadi chilipo, ine n'kungomangapo chingwe? Dzulo ndinangozindikira kuti nanenso ndachigwira potuluka, ngati mlendo. Manyazi anandigwira.

Ndiye ndikukupempha, mwana wanga. Ndikudziwa kuti unali wamng'ono, koma mayi ako ankakonda kukuseka ndi nkhani imeneyi mpaka utakula. Ankanena kuti chiyani? Ankati abambo ako anaika, kapena ankangoti tinkakumanga? Mboni yatsala ndiwe wekha.

Usandiyankhe zondisangalatsa. Ngati ndinaika ndine, umuuze mchimwene wako mwezi usanathe, andisiye m'nyumba yanga. Ngati sindine, undiuze ineyo poyamba. Ndidzalongedza ndekha chikwama, asadzachite kundinyamula ngati thumba anthu akuona.

Mulungu akusunge pamodzi ndi banja lako. Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa apongozi. Adzukulu anga uwauze kuti agogo awo akadali ndi mano oluma nzimbe. Atelala nawo akupereka moni.

Chimodzi chokha ndikutsimikiza kuti Kaambulera akunama. Alendo amangochikhudza ndi chala, akuti adzabweranso. Iwe unachikoka chaka chathunthu ndi mphamvu zako zonse, koma mpaka lero sunabwere.

Ndine bambo ako,
amene anakumanga chingwe kuti nyanja isakutenge.